Ndodo Ili Uko

Achimwene ake anali atagwada pansi, atamanga tayi, mutu ataulowetsa kunsi kwa bedi la malemu. Kunja kunkangooneka matako ndi zidendene za nsapato zodula. Nyali anaima pakhomo la chipindacho, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumaonerera mosafulumira. Maliro anali atayikidwa dzulo lake, maluwa pamanda asanafote n'komwe, koma mwana woyamba wa malemu a Siteshoni anali atayamba kale kufukula nyumba ngati nkhuku padzala.

"Mwaipeza?" anafunsa Nyali.

"Ukanandithandiza bwenzi titaipeza kale," mawu anatulukira kunsi kwa bedi. "Bwana afika masana ano."

"Pepani achimwene, maondo angawa ndi a telala. Kugwadira mabwana sanazolowere."

Chomwe ankafunacho chinali ndodo. Si ndodo yoyendera ayi, koma kachitsulo kamkuwa kotalika ngati mkono wa mwana, kozokotedwa mayina a masiteshoni awiri. Anthu a njanji ankangoti ndodo. Kampani inali kukonzekera chikondwerero cha zaka zana, ndipo kulikulu anali atakonza chipinda cha zinthu zakale chokhala ndi makabati agalasi. Belu analipeza, chipewa cha dalaivala anachipeza, koma ndodo ya nthambi yakumapiri, njanji imene inatsekedwa kalekale, inali itasowa. Achimwene, amene ankagwira ntchito mu ofesi yokometsa dzina la kampaniyo, analonjeza bwana wawo kuti aipeza m'katundu wa bambo awo. Analonjeza kumanda komweko, dothi lidakali m'manja.

Nyali ankadziwa kumene ndodoyo inali. Inali m'chikwama chake, pansi pa zovala, ataikulunga m'kansalu kotsala. Anabwera nayo kuti aiponye m'bokosi la bambo ake, awabwezere chipongwe chimene anamutumizira zaka zambiri zapitazo. Koma atafika anapeza bokosi litatsekedwa kale, litakutidwa ndi mbendera ya kampani, ndipo pambali pake pataima alonda ovala yunifolomu yatsopano, anyamata oti malemuwo sanawaonepo chibadwire. Ndiye ndodo inatsala m'chikwama, ndipo chipongwe chinatsala pamtima.

Kampani imeneyi Nyali anaidziwa asanadziwe kuwerenga. Ana anzake ankagonekedwa ndi nyimbo, iye ndi achimwene ake ankagonekedwa ndi mbiri ya njanji. Bambo awo ankayambira pachiyambi penipeni: momwe anthu akunja anayalira njanji kuchokera kudoko kuti azikokera thonje ndi malasha kwawo, momwe ndalama zinawathera atafika pamtsinje waukulu, sitima n'kumaima tsidya lino katundu n'kumawoloka pabwato, mpaka mlatho unamangidwa, momwe anaphukitsira nthambi yokwera kumigodi yakumapiri, kumene inakakumana ndi njanji ya kampani ina yochokera dziko loyandikana nalo. Kenaka boma linaitenga kampaniyo, linaidya mpaka mafupa, n'kuigulitsa kwa akunja ena, amenenso anaigulitsa kwa anzawo. Mwini aliyense watsopano ankayamba ndi kupenta. Pathanki yamadzi ya pasiteshonipo mayina anali osanjikizana, moti mvula ikagwa dzina lakale linkasuzumira pansi pa latsopano. Malipiro ankachedwa, mabogi ankachita dzimbiri, koma ndalama ya penti yokha sinkasowa.

A Siteshoni, mkulu wa siteshoniyo, anawagwirira onsewo ndi mtima umodzi. Nyali ankati ndi mtima wa galu, woti aliyense wogwira unyolo ndi mbuyake. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala, ndipo ngakhale m'nyumba ankaitanidwa a Siteshoni. Mwana wawo wamkaziyo anamutcha Nyali chifukwa anali mzime, pakuti bogi lomaliza la sitima ndi limene limanyamula nyali yofiira kumbuyo, ndipo mkulu wa siteshoni sanena kuti sitima yafika asanaione nyaliyo. Anthu ankati ndi dzina lachikondi. Mwini dzinalo ankati ndi umboni woti bambo ake sankatha kuona mwana osaona bogi.

Achimwene anatuluka kunsi kwa bedi ukonde wa kangaude uli m'mutu, n'kupita pabalaza. Kuseri kwa chitseko kunali kachikwama kachikopa, kakale koma kopukutidwa bwino. Anakatsegula n'kukhuthulira zonse pansi. Munatuluka malaya oyera osita, buluku, nsapato zakuda zonyezimira, mswachi, ndi tinsapato tofiira ta mwana wongoyamba kuyenda.

"Zovala basi," anatero, akuzikankha ndi phazi.

Mayi awo owapeza anabwera kuchokera kukhitchini akupukuta manja. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene a Siteshoni anamukwatira Nyali atachoka kale pakhomopo. Mayi awo owabereka anamwalira iye adakali pasukulu. Owapezawa anawaona koyamba pamaliro pomwepa, ndipo mpaka tsopano anali asanawatchulepo kuti amayi. Ankangoti "inu". Mayiwo anagwada, n'kutola malaya aja, kuwasasa fumbi, kuwapinda motsata mizere yake yakale, n'kubwezera chilichonse m'malo mwake. Tinsapato tija anatiyika pamwamba.

Nyali anatsonya chamumtima. Ndiye kuti mdalayo, ataya mwana mmodzi, ankayembekeza kubereka wina wolowa m'malo, mpaka kugulira nsapato mimba isanaoneke. Zinamukomera kuti mwanayo sanabwere.

Mlandu wa Nyali unali woti anakonda munthu wa kampani ina. Anali wolumikiza mabogi kumapeto kwa nthambi, kumene njanji ziwiri zija zinkakumana, munthu woseka kwambiri, wa manja a girisi. A Siteshoni akanalola wakuba, akanalola chidakwa, koma osati wa kampani ija. "Anthu amenewo sadziwa nthawi, sadziwa lamulo," ankatero. Tsiku limene Nyali ankanyamuka, bambo ake anaima pokwerera sitima chifukwa inali ntchito yawo. Anapereka ndodo kwa dalaivala, anakweza mbendera yobiriwira, ndipo bogi limene mwana wawo anakhalamo linawadutsa maso awo ali pawotchi.

Atabereka mwana wamkazi anatumiza uthenga. Kunali zii. Chaka chotsatira kampani inatseka nthambiyo, ndipo sitima yomaliza inakwera kumapiri kuti ikaperekedwe kwa a kampani ina, osadzabwereranso. Nyali anapita kukaiona ngati anthu ena onse, mwana ali kumsana. Dalaivala anatsika, anamufunafuna m'khamumo, n'kumupatsa kaphukusi. "Bambo ako akuti ndikupatse m'manja." Munalibe kalata, munalibe moni, munalibe ngakhale kasopo ka mwana. Munali ndodo. Iye anamva bwino lomwe. Njanji yafa, ndodo ya njanji yakufa ndi chitsulo chotaya, ndipo mwana wotayidwa amatumiziridwa zotaya. Sanaitaye. Anaiyika patebulo lake losokera, n'kumatsindira nayo nsalu podula, kuti tsiku lililonse izimukumbutsa chifukwa chimene sankapitira kwawo.

Bwana anafika masana pagalimoto yaitali yoyera, pakuti sitima yonyamula anthu inali itasiya kalekale kuima pasiteshonipo. Anali mnyamata wa kamimba koyamba kumene, wovala magalasi akuda, wonunkhira ngati sitolo ya mafuta odzola. Achimwene anamuthamangira kukamutsegulira chitseko, n'kumukhazika pampando wa malemu, umene munthu sankakhalapo ngakhale mwiniwake atachokapo.

"Pepani ndi zovutazi," anatero bwanayo, maso ali pafoni. "Malemu anali mzati wa kampani yathu."

"Ndiye chiswe munachiona mochedwa," anatero Nyali.

Bwana anamwetulira posamva. Achimwene anamuyang'ana mlongo wawo ndi diso la nkhwezule.

"Tandikumbutsani," anapitiriza bwanayo, "kachitsulo kameneka kankagwira ntchito yanji kwenikweni? Tiyenera kulemba kachikwangwani pakabatipo."

Achimwene anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuyamba kulakatula. Anabwereka mawu a bambo awo mpaka katsokomoledwe.

"Bwana, nthambi ija inali njanji imodzi yokha, yopita ndi yobwera zonse momwemo. Ndiye kuti sitima zisagundane, panali ndodo imodzi basi. Amene waigwira m'manja, njira ndi yake, palibe chomwe angakumane nacho. Ndodo ikakwera kumapiri, kuno sikunyamuka kanthu, kaya ndi sitima ya nduna, mpaka ndodoyo itabwerera. Bambo ankati lamulo limeneli silinaphepo munthu."

"Zosangalatsa," anatero bwana, akubisa kuyasamula. "Koma tikuifuna. Kabati yagulidwa kale, ndipo akuluakulu ndawauza kuti inu mwaipeza. Paja nkhani ya mpando mukuufuna kulikulu uja ikukambidwa mwezi uno."

Atatero anatuluka kukajambula thanki yamadzi, kuti kulikulu akaone ngati ikufunika kupentanso.

Achimwene anatsala ali chiimire, thukuta likutsikira m'kolala. Nyali ankawadziwa bwino. Chiyambire ubwana, akakalipiridwa ndi wamkulu ankayang'ana wamng'ono woti amuponde. Maso awo anazungulira pabalaza n'kukaima pa mayi aja, amene ankatolera makapu.

"Amayi, tisabisane. Ogula zitsulo amadutsa pano. Munagulitsa?"

Mayiwo anaima, makapu ali m'manja.

"Ndikufunsa bwinobwino. Mkuwa uli ndi mtengo masiku ano, ndipo bambo akudwala m'nyumba muno munali inu nokha. Ngati munagulitsa, nenani, ndikaitsatire. Musaiwale kuti nyumba ino ndi ya kampani. Kuti mukhalebe muno zitengera pakamwa panga."

Nyali akanatha kuithetsa nkhaniyo ndi mawu amodzi. Chikwama chake chinali pafupi ndi phazi lake. Koma anangokhala duu, ndipo kunena zoona zinkamukomera: achimwene akutuluka thovu chifukwa cha mpando, mkazi wa bambo ake akunjenjemera chifukwa cha nyumba, bwana ali panja kujambula dzimbiri. Anaona kuti onsewo akuyenerana, ndiponso akumuyenera malemuyo.

Mayi aja anatula makapu patebulo mosamala.

"Ine ndodo imeneyo sindinaionepo, bambo," anatero. "Ndinkangoimva."

"Kuimva bwanji?"

"Pakamwa pa bambo anu. Ndinkati ndikawauza kuti tiyeni tikamuone mwana kumapiri, ankati, 'Sindingapite, ndodo ili uko.' Chaka ndi chaka yankho lomwelo. Ine za njanji sindizidziwa. Ndinkangoti mwina ndi kukana kwa anthu achikulire."

"Uko kuti?" Achimwene anagwira m'mutu. "Kusiteshoni yakumapiri? Ija anaigwetsa kalekale, pano akugulitsapo matayala! Ndiye mwandisiya ndikukwawa m'fumbi m'mawa wonse mukudziwa?"

Anatuluka akumenyetsa chitseko. Asanafike n'komwe pathanki, mawu awo anali atasintha kale, atafewa, akuti, "Bwana, pali kankhani pang'ono."

Pabalaza panatsala akazi awiri. Nyali anatembenukira kwa mayi aja.

"Tabwerezani," anatero. "Ankati chiyani?"

"Ankati ndodo ili uko." Mayiwo anakhala pansi, pamphepete penipeni pa mpando, ngati mlendo. "Ndinkawauza kuti a Siteshoni, njanjitu anazula, anthu adzalamo chimanga. Msewu ulipo, basi ilipo, tikwere mawa. Ankandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ankati munthu salowa njira ndodo ili kwa mnzake, mungagundane. Ankati, 'Njira ndinamupatsa iyeyo. Tsiku limene adzafune, adzabwera, sadzakumana ndi chomutsekereza. Akadzabwera nayo, ulendo wotsatira ndi wanga.'"

"Bodza."

"Kachikwamako mukukaona? Ndinakapeza kali pomwepo tsiku limene ndinalowa m'nyumba muno. Ndinkafuna kukachotsa posesa, anandiletsa. Malayawo ankasita okha Lamlungu lililonse, n'kubwezeramo. Ine sankandilola. Akuti munthu wa njanji amakhala wokonzeka, ndodo siuza munthu tsiku lofika."

Nyali anaimirira. Anapita pazenera, n'kubwerera. Pakhonde panali benchi limene bambo ake ankakhalapo madzulo, loyang'ana kumene nthambi ija inkapatukira, ndipo dzulo anthu pamaliro ankalozerana benchilo n'kumati mdala ankailira njanji yake. Iyenso anavomereza, n'kuseka chamumtima. Tsopano mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu, mkwiyo woposa umene anabwera nawo.

"Chitsiru," anatero. "Chitsiru cha munthu! Bambo wamkulu, imvi mbuu, pakamwa analibe? Positi ofesi ili apa, sakanalemba mzere umodzi? Mafoni anabwera, ngakhale ogulitsa makala ali nawo. Zaka zonsezi kukhala pabenchi kudikira kachitsulo? Kampani yomwe inamulembera lamulolo inaliiwala, inagulitsa njanji kwa opanga makasu, iye ali gwa, kusunga lamulo! Lamulo silinaphepo munthu? Nanga amene tamukwirira dzuloyu wafa ali ndi chiyani m'manja?"

"Foni ndinawagulira," anatero mayiwo. "Ndinapeza ndi nambala yanu yomwe. Ankati kuyimba ndi kulowa njira. Ankati, 'Ameneyo ndi mwana wa njanji, akudziwa.'"

Anasalaza nsalu yawo pabondo. Kenaka anafunsa mosakweza mawu, "Nanga inu munayimbapo?"

Nyali anali asanayimbepo. Lamulolo ankalidziwa. Analiyamwa pamodzi ndi mkaka, ankatha kulilakatula ali m'tulo kuposa achimwene akewo. Ali kamtsikana ankalimbirana kunyamula ndodoyo kuchoka mu ofesi kukafika pokwerera sitima, ndipo bambo ake ankamufunsa, "Amene wagwira ndodo ali ndi chiyani?" Iye n'kukuwa, "Njira!" Koma tsiku lija kumapiri anatsegula kaphukusi atakonzekera kale kunyozedwa, ndipo anapezamo chimene ankayembekezera. Zaka zonsezi wakhala akutsindira nsalu za anthu ndi chilolezo chake chobwerera kwawo, akudikira kuti mdalayo ayambe ndiye. Mdalayo anali atayamba kale. Anali zitsiru ziwiri, china kumtunda china kumunsi, ndipo zinamupweteka kwambiri kuona kuti anafanana nawo chotere.

Panja achimwene anaseka chikhakhali. Bwana ayenera kuti ananena kanthu kofuna kusekedwa.

Nyali anawerama, anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa kansalu kaja. Atakafunyulula, mkuwa unawala. Manja ake anali ataupukuta tsiku ndi tsiku osadziwa, moti mayina a masiteshoni aja anali atayamba kufufutika.

Mayi aja anayandikira. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaikhudza ndi chala chimodzi.

"Ndi imeneyi?" anafunsa. "Kakang'ono chonchi?"

"Ndi imeneyi."

"Ine ndinkayesa ndi chinthu chachikulu, choti anthu awiri anyamulizane."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kuyang'ana kuzenera. "Muwapatsa achimwene anu? Mpandotu ukuwapweteka."

"Akagule ina kwa ogula zitsulo, aipente. Kulikuluko palibe amene angasiyanitse." Nyali anawayang'ana mayiwo. "Za nyumbazi asakuopsezeni. Akakutulutsani, kwathu kuli chipinda. Basi ilipo, msewu ulipo, paja mwatero nokha."

Anapita kuseri kwa chitseko, anatenga kachikwama kaja, n'kukayika patebulo. Sikanali kolemera. Anakatsegula, ndipo tinsapato tofiira tija tinali pamwamba pomwe mayiwo anatiyika.

"Anagula atamva kuti mwabereka," anatero mayiwo. "Ndinkawauza kuti mwanayo anakula, perekani kwa ena. Ankati adzaona yekha kuti agogo ake sanachedwe kugula, anachedwa kufika."

"Mwini wake pano ndi namwino," anatero Nyali. "Timabwerekana nsapato."

Anatitenga n'kutitembenuza. Kunsi kwake kunali kwatsopano, kosapondapo dothi. Koma pamwamba, kutsogolo kwa zala, chikopa chinali chitapyapyala, kufiira kutasanduka kotuwa.

"Lamlungu lililonse," anatero mayiwo. "Akamaliza zawo zakudazo, ankapukutanso timeneti. Sabata yomwe ankapita kuchipatala manja ankanjenjemera, koma anatipukuta ali chigonere."

Nyali anatibwezera pamwamba pa malaya. Anayika ndodo pambali pake, n'kutseka kachikwamako, kumanga malamba onse awiri monga momwe mwiniwake ankamangira, kuyambira lakumanzere. Chikwama chake anachikoleka paphewa.

"Amayi," anatero, "kameneka ndikatenga."

"Katengeni. Kadikira mokwanira."

Anatulukira khomo lakuseri, loyang'ana kumsewu wa basi. Pakhonde anaima pang'ono pafupi ndi benchi lija, n'kusinthira kachikwamako kudzanja lamanja.

"Tiyeni, a Siteshoni," anatero. "Ndodo yabwera."